Digiri ya Maluwa, Dzina la Chrissy

Maluwa anafika kwathu ku Mpama Lachinayi m'mawa, ine ndili pakhonde kusankha nandolo m'lichero. Anatsika pa njinga yamoto isanaime n'komwe, envelopu yaikulu ili kukhwapa, nsapato imodzi itamasuka. Moni sanapereke.

"Azakhali, mwandipha."

"Maliro akukwera kabaza masiku ano? Khala pansi, mtembo iwe, ndikupatse madzi."

Sanakhale. Ankangozungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna kuikira.

Maluwayu ndi mwana wa mlongo wanga Jeremiah wa ku Likoswe. Pamtundu pathu ndi yekhayo amene anavalapo chipewa cha makona anayi chija. Ali ndi digiri ya akaunti, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri wakhala m'ofesi ya a Abdulhamid ku Limbe, aja ogula nandolo ndi soya. Chaka chino mtima unamuyabwa, akufuna digiri ina yokwera pamsana pa yoyambayo. Amati masitazi, ya kayendetsedwe ka bizinesi. Ine ndinamuuza kale kuti bizinesi ndaiyendetsa zaka makumi anayi, mandasi, usipa, kachasu mpaka abambo mfumu atandiitanitsa, ndipo palibe anandifunsapo pepala. Iye anati yangayo inali yoyendetsa mimba.

Anasolola pepala la ku koleji ina ya ku Blantyre n'kuyamba kundiwerengera zimene akufuna kumeneko. Digiri yoyamba yokhoza bwino, osati yongopulumukira. Ali nayo. Pepala la mamakisi a maphunziro onse, chaka ndi chaka. Lilipo. Zaka ziwiri kapena kuposerapo pantchito, ndi kalata ya bwana yoikira umboni. A Abdulhamid analemba masamba awiri. Kalata ina ya mphunzitsi wake wa ku koleji. Zithunzi ziwiri zazing'ono. Chimangirizo chofotokoza chifukwa chimene akuifunira sukuluyi, anati anachilemba kanayi. Makope a masatifiketi ndi a chitupa cha unzika, onse odinda.

"Ndiye chatsala n'chiyani? Akufunanso mkaka wa nkhuku?"

"Akuti ndine anthu awiri."

Dzulo lake anali atapita kukapereka mapepalawo. Mayi wa mu ofesi yolembera ophunzira anawayala patebulo milu iwiri. Mulu uwu: digiri, mamakisi, satifiketi ya Fomu 4, kalata ya mphunzitsi, zonse Chrissy Bwanali. Mulu uwo: chitupa cha unzika ndi kalata ya kuntchito, Maluwa Jeremiah. Ndiye anamuuza mwaulemu ndithu kuti Chrissy ali ndi digiri koma sanagwirepo ntchito ngakhale tsiku limodzi, pomwe Maluwa wagwira zaka zisanu ndi ziwiri koma alibe ngakhale pepala la Sitandade 8. Onse awiri sakukwanira. Abwere ndi kalata yolumbirira kukhoti yosonyeza kuti ndi munthu mmodzi, ndipo alumbirenso wamkulu wodziwa mmene dzinalo linasinthira. Atseka kulandira Lachisanu, 4 koloko.

"Mawa, azakhali. Ndipo a Abdulhamid avomera kundithandiza chaka chino chokha. Disembala akupuma, ofesi akusiyira ana awo. Ana ajawo sangandilole n'komwe kuweruka masana Lachisanu kuti ndikalowe m'kalasi."

Ndinaseka mpaka nandolo zinabalalika, nkhuku n'kupeza phwando. Kuseka kwake n'kwakuti wamkulu wodziwayo ndinali ine.

Nkhani yake ndi iyi. Maluwa analemba Sitandade 8 kawiri ku Likoswe, kukhoza bwino, osasankhidwa. Masiku amenewo aliyense ankanena kuti dzina lobwereza akuluakulu osankha aja amalidumpha. Kaya zinali zoona kaya ayi, anthu ankasintha mayina a ana ngati malaya. Nthawi yomweyo mwana wanga Chrissy anali atakhoza Sitandade 7 n'kutenga mimba. Dzina lake linali lili m'kaundula wa sukulu yathu, latsopano, losalembapo mayeso, likungokhala. Ndinati dzina likungoola pamenepa bwanji? Ndinapita ndi tambala kwa mphunzitsi wina, anatisiya kale, sindimutchula. Maluwa anabwera kudzakhala kwathu, analowa m'kalasi ngati Chrissy Bwanali, ndipo anasankhidwa. Mayeso onse mpaka ku koleji analemba ndi mutu wake, dzina lokha ndilo linali lobwereka. Koma kumudzi anakhalabe Maluwa. Itabwera nthawi yojambulitsa zitupa, bambo ake anaima pambali ndi khadi la ubatizo m'manja. A Abdulhamid nawonso anamudziwa ali kamwana, Jeremiah akuwayendetsera lole, ndiye ankangoti Maluwa, Maluwa.

"Sekani bwino," anatero, "koma valani nsapato."

Tinakwera kabaza mmodzi tonse awiri. Ine pakati, iye kumbuyo akungouza woyendetsa kuti thamangani, ine ndikumuuza kuti pang'onopang'ono, mano anga otsalawa ndi a ana amasiye. Pa Boma tinapeza mzere pakhonde la khoti. Maluwa sanathe kukhala pabenchi. Aime, ayang'ane foni, atsegule envelopu, aitseke, afunse kalaliki, bambo wina wamtali dzina lake Gladson, kuti atiitana liti. Kachitatu a Gladson anamuuza kuti akapitiriza kuyendayenda simenti ya boma itha.

Tinalowa dzuwa lili pamutu. A majisitireti anali mayi wachichepere, wamagalasi, wosaseka. Anawerenga mapepala onse n'kuyang'ana ine.

"Agogo, dzina la Chrissy Bwanali munalitenga kuti?"

Apa ndi pamene lilime langa linandigulitsa. Ndikanangoti ndinalipeka, bwenzi titatuluka ndi chidindo. Koma ine ndikaona munthu wosaseka, thupi limandinyerenyesa.

"Sitinabe, bwana. Tinabwereka kwa mwini wake. Ali pamsika pompa, akukangana ndi anthu pa mitengo ya kabichi."

A Gladson anaseka. A majisitireti anavula magalasi.

"Ndiye kuti Chrissy Bwanali alipo wina, wamoyo, ndi chitupa chake?"

Maluwa anandiponda chala. Zinali zitachedwa.

"Ndiye sindingadinde kuti mayi awa ndi Chrissy Bwanali mwini dzina ali panja osadziwa. Abwere. Alumbire kuti mayeso awa sanalembe ndi iye, ndipo mapepalawa si ake. Akatero, inu mulumbire zanu. Mawa ndili ndi milandu m'mawa, mubwere ikatha."

Tinatuluka panja. Maluwa anangoyenda molunjika kumsika, ine ndikutsimphina pambuyo.

Chrissy wanga ali ndi benchi pakona, pafupi ndi ogulitsa mbatata. Ndi wonenepa, wamawu, ana anayi, ndipo pakamwa anatengera ine. Iye ndi Maluwa ndi pachisuweni, sakumana osatukwanizana.

"Taonani kwabwera ndani! Abwana a ku Limbe! Mwabwera kudzawerenga makabichi anga, msuweni? Lero fumbi lakulolani?"

"Ndabwera kudzaona ngati unasamba chaka chino," anayankha Maluwa, koma mawu anatuluka opanda mchere. Chrissy anazindikira msanga. Anasiya kuwaza madzi pamasamba.

Maluwa anafotokoza zonse, milu iwiri ija, khoti, 4 koloko. Chrissy anamvetsera manja ali m'chiuno.

"Ndiye kuti ine ndili ndi digiri?"

"Pa pepala."

"Anzanga, tamverani! Ine ndili ndi digiri ya akaunti! Kuyambira lero kabichi wakwera!" Amayi a m'mabenchi oyandikana anaseka. Inenso ndinaseka, ndikuti basi zatheka. Kenako Chrissy anatembenukira kwa Maluwa. "Ndipo ukufuna ndikalumbire kuti si yanga."

"Ndi mphindi zisanu zokha, msuweni."

"Sindipita."

Ndinati akucheza. Ndinamugwira pamkono. "Iwe, usatichedwetse, tiye ukangodinda chala."

"Ndimatha kulemba dzina langa, amayi. Ndinafika Sitandade 7. Mwaiwala?"

Anachotsa dzanja langa pamkono pake, osati mwamphamvu, n'kuyamba kuitanira ogula ngati ife tachoka kale. Maluwa anayesa kumunyengerera, anayesa kulira, anatchula ana a Chrissy ndi sukulu yawo. Chrissy anangoti, "Ana anga usawalowetsemo." Ola lonse tinaima pamenepo ngati mbuzi zogulitsa. Pomaliza tinabwerera ku Mpama.

Madzulo amenewo Maluwa sanadye. Anayala mapepala pamphasa n'kumawasanja, kuwasanjanso. Anaimbira mnzake wina amene anayamba sukulu yomweyo chaka chatha, kufunsa ngati amalandira mochedwa. Mnzakeyo anati ayi, malo ndi ochepa, ofuna ndi mazana, ndipo pambuyo pa mapepala palinso mayeso olowera ndi kufunsidwa mafunso pamaso. Anaimbira bambo ake. Jeremiah anati, "Zimenezo funsa azakhali ako, ndi amene ankadziwa nzeru." Mlongo wanga ameneyu tambala uja anagula ndi iye, lero waiwala.

Ine ndinayesa nzeru zanga. Ndinati titenge Thandie, mwana wa oyandikana nawo, akaime ngati Chrissy. Maluwa anati chitupa chili ndi nkhope. Ndinati ndikabe chitupa cha Chrissy, Thandie adzoleko ufa. Anandiyang'ana mpaka ndinasiya.

"Azakhali, munamupempha?"

"Ndani?"

"Chrissy. Nthawi ija. Ine ndinali mwana, munangondiuza kuti aphunzitsi akaitana Chrissy uziyankha. Iye munamupempha?"

Ndinati ndikukatsekera nkhuku. Zinali zitatsekeredwa kale.

Kutacha ndinanyamuka ndekha, Maluwa ndinamuuza kuti andipeze kukhoti. Kabaza sanapezeke msanga, ndinayamba wapansi, wina n'kunditola panjira. Ndinamupeza Chrissy akutsitsa matumba pangolo. Ndinakhala pa ndowa yake yovundikira.

"Ndabwera kudzagula kabichi wa digiri."

Sanaseke. Anapitiriza kusanja.

"Mwana wanga, msuweni wako ataya mwayi chifukwa cha kanthu kakang'ono."

"Kakang'ono." Anaika kabichi pansi. "Amayi, mwana wanga Joel atasiya kuyamwa ndinapita kusukulu. Mukukumbuka? Ndinachapa yunifolomu, inali itathina, ndinamasula m'mbali. Ndinakafika kwa ahedi, ndinati ndabwera kudzayamba Sitandade 8. Anatsegula buku, anati Chrissy Bwanali anasankhidwa kale, ali Fomu 1. Anandifunsa kuti nanga iwe ndiwe ndani. Aphunzitsi onse ali pomwepo. Ndinabwera kunyumba ndikulira, ndinakuuzani. Munati chiyani?"

Ndinkakumbuka. Ndinayang'ana kumbali, kwa ogulitsa mbatata.

"Munati, ukulira chiyani, wakhoza mayeso uli kuchikuta, anzako amachita kutuluka thukuta. Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, nanga ndikanatani? Zaka zonsezi mwakhala mukuinena nthabwala imeneyi, pamaliro, pazinkhoswe."

"Ukanatha kulembetsa dzina lina," ndinatero, mawu ang'onoang'ono.

"La ndani? Ine ndibwereke, langa lili ku sekondale?"

Wogula anafika, anamugulitsa, anabwerera kwa ine. Ine nthabwala zinali zikubwera zokha pakhosi, ziwiri zitatu, zabwino ndithu. Ndinazimeza. Zimawawa pomeza.

"Ukufuna nditani?"

"Maluwa alibe mlandu ndi ine. Ndipita. Koma pa pepala lanulo alembe zonse. Alembe kuti mwini dzina sanafunsidwe. Alembe kuti anabwerera kusukulu n'kupeza malo ake atapita. Munene ndi pakamwa panu, dzanja lili m'mwamba, osaseka. Mukangoseka, ine ndituluka."

"Basi?"

"Ndipo masitazi akewo alembetse dzina lake. Langa latopa."

Tinafika kukhoti 11 koloko. Milandu inali isanathe. Maluwa anali pakhonde, milomo itauma. Ataona Chrissy anafuna kumukumbatira, Chrissy n'kuti, "Usandidetse ndi mafuta ako a ku Limbe, ndadzola anga." Tinakhala. Kunena zoona anakhala ndi Chrissy yekha. Maluwa ankapita kumsewu kukaona minibasi n'kubwerera. Ine ndinapita kuchimbudzi katatu popanda chochita. 12 koloko inadutsa. Munali mlandu wa mbuzi, mboni zisanu ndi imodzi, iliyonse ikuyambira pa agogo a mbuziyo. 1 koloko a majisitireti anapita kukadya. Maluwa anakhala pansi penipeni, pasimenti, envelopu pamutu.

"Kuchoka pano kufika ku Limbe, kusintha minibasi, kufika ku Blantyre," ankangonong'ona. "Ikakwana hafu pasiti 2 basi, zatha."

A Gladson anamumvera chisoni. Anatiitanira patebulo pawo kuti ayambiretu kutaipa mawu athu, a majisitireti akabwera angotilumbiritsa. Anataipa a Chrissy, achidule. Anataipa a Maluwa. Atafika pa ine anati, "Agogo, nenani mwachidule, mapepala a boma ndi ochepa."

Ndinanena za Likoswe, za mimba, za kaundula. Tambala ndinamusiya. Kenako ndinaima. Chrissy anali pakhomo, chitenje atachimanga kale bwino ngati munthu wonyamuka.

"Lembaninso kuti mwana wanga sindinamupemphe."

"Zimenezo sizofunika kwenikweni pa nkhani ya..."

"Lembani, bambo."

Analemba. Ndinanenanso za yunifolomu yomasula m'mbali ndi za ahedi. A Gladson sanatsutsenso.

A majisitireti analowa 2 koloko itadutsa. Anatiimika atatu, Baibulo patebulo. Chrissy analumbira, anasaina dzina lake pang'onopang'ono, chilembo chilichonse payekha. Maluwa analumbira mothamanga mpaka anamubwerezetsa. Ine anandiuza kuti popeza kuwerenga kwanga n'kwa apo ndi apo, a Gladson awerenge mokweza, ine ndizivomera ndime ndi ndime.

Mavuto anayamba pamenepo. A Gladson powerenga amakweza nsidze imodzi, ndipo pakona ya pakamwa pawo panali katsamba ka mpiru wa nkhomaliro, kakuvina mawu alionse. Ambuye ndithandizeni. Kuseka kunayamba kundigwira. Ndinadzitsina pantchafu. Ndinaganiza za maliro a amuna anga a Bwanali, koma pamaliro pamenepo m'pamene wokumba manda anagweramo, zinangoipiraipira. Chrissy ankandiyang'ana osaphethira.

"...kuti mwini dzina, mwana wanga wobereka ndekha, sindinamupemphe. Mukuvomera?"

"Ndikuvomera."

"...kuti atabwerera kusukulu anapeza malo ake atatengedwa, ndipo sanaphunzirenso."

Kuseka kuja kunangozima kokha. Ndinamva mawuwo akutuluka m'kamwa mwa mlendo, m'chipinda cha boma, opanda wowathira mchere. Anali mawu oipa. Ndinayang'ana dzanja langa lili m'mwamba, lokwinyika.

"Agogo, mukuvomera?"

"Ndikuvomera. Ndinachita ndine."

Ndinadinda chala. Chidindo chinagunda katatu. Maluwa anakwatula mapepala inki isanaume, anagwada pang'ono kwa a majisitireti, n'kuthamanga. Tinamutsatira. Pa siteji minibasi inali ndi anthu anayi okha, kondakitala akutokosa m'mano. Inali hafu pasiti 2 ndi mphindi zingapo. Maluwa anangoima, osadziwa kolowera.

Chrissy anaika zala m'kamwa n'kuimba mluzu umene unadzutsa agalu a pa Boma ponse. Kunatulukira njinga yamoto ya bambo wina amene amamunyamulira makabichi kuchokera kudimba.

"A Denis, uyu mukamutule pakhomo pa koleji ku Blantyre, osati ku Limbe. Ndi msuweni wanga, akagwa musamutole, mungotola envelopu."

Anapita, fumbi kobo.

Tinabwerera kubenchi. Mayi woyandikana naye amene Chrissy anamusiyira malonda anali atagulitsa mitu iwiri yokha. Ndinakhalanso pandowa paja. Chrissy anaika foni yake pamwamba pa kabichi, pakati pathu. Iye ankachotsa masamba ofota, ine ndikuwatola n'kumawaunjika, ntchito yopanda wondituma. Galimoto ikalira kumsewu tonse tinkadzutsa mitu, ngati Maluwa angabwerere njira imeneyo. 3 koloko. Hafu pasiti 3. Foni inalira, anali wa tomato wofunsa za mawa, Chrissy anamudula pakati. Ndinaimirira, ndinakafika kwa ogulitsa mbatata, ndinabwerera.

"Khalani pansi, amayi, mukundithawitsira ogula."

4 koloko inakwana. Inadutsa ndi mphindi zisanu, khumi. Chrissy anatenga foni, anaiyang'ana, anaibwezera. Kenako inalira.

"Msuweni!" Mawu ankamveka mpaka kwa ine, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi njuchi. "Alandira. Ndinalowa atayamba kutseka mawindo. Mayi uja wawerenga kalata yonse, kawiri. Waphatikiza milu ija."

"Walembetsa dzina liti?"

"Maluwa Jeremiah. Mayeso olowera ndi pa 14, ndiye akatiitana ku mafunso."

"Ukakalephera usadzanamizire ine. Dzina limenelo linalephera kale kawiri."

Anaseka onse awiri, Maluwa akulira pomwepo. Anafunsa ngati azakhali ali pafupi. Chrissy anandiyang'ana, foni ili kukhutu.

"Alipo. Koma lero sakulankhula."

Anadula. Anayamba kulonga makabichi otsala m'thumba, ine ndinagwira kukamwa kwa thumbalo kuti lisagwe. Titamanga anati ndigone kwake, kunja kwatha, mawa ndi Loweruka, msika umadzaza ndipo akufuna munthu wokhala pabenchi iye akapita kudimba. Sanandifunse ngati ndikufuna. Ndinasenza ndowa.